Tifunse ana kuti zimene amatola m'masewera a pafoni amazipeza bwanji

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene ikuvutitsa makolo ambiri kuno ku Nkhotakota, yomwe ndi ya masewera a pafoni ndi pakompyuta momwe ana athu amatha maola ambiri akutola ndi kusunga tinthu tosiyanasiyana. Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi umene ndinakhalapo mwezi wathawu, bambo wina anaimirira n'kudandaula kuti mwana wawo wasanduka wotola zinyalala za m'foni, popeza madzulo alionse amangokhalira kuunjika nthenga, miyala, mafupa ndi zigoba zimene sangazigwire ndi dzanja, ndipo pamene bambowo anapempha kuti masewera onse oterewa aletsedwe m'makomo, anthu ambiri anawaombera m'manja. Ine sindinaombe nawo, ngakhale kuti dandaulo lawo ndinalimvetsa, chifukwa ndaona ndi maso anga kuti kutola kwa m'masewerawa kuli mitundumitundu, ndipo tikakuika konse m'dengu limodzi tidzataya chabwino n'kulephera kuona choopsa chenicheni.

Ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo ndikulera mdzukulu wanga wamwamuna wa zaka 12 amene makolo ake amagwira ntchito ku Lilongwe. Atabwera ndi foni imene bambo ake anamusiyira, inenso ndinkaganiza ngati bambo a pamsonkhano aja. Koma poti safunsa anadya phula, tsiku lina madzulo ndinakhala naye pakhonde n'kumuuza kuti andionetse chimene chimamugwira mtima m'foniyo, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuonerera masewera ake kwa miyezi ingapo.

Masewerawo dzina lake ndi Minecraft. Anawayambitsa ndi Markus Persson wa ku Sweden mu 2009, anatuluka athunthu mu 2011, ndipo mu 2014 kampani ya Microsoft inagula Mojang, kampani imene imawapanga, pa mtengo wa madola 2.5 biliyoni. Pofika mu 2023 anali atagulidwa koposa ka 300 miliyoni padziko lonse. Wosewera amayamba ali chimanjamanja m'dziko longopeka la nkhalango, mapiri, nyanja ndi mapanga, momwe usiku mumatuluka mizukwa, mafupa oyenda okha ndi akangaude akuluakulu, ndipo palibe chimene amapatsidwa chaulere. Akafuna piki, ayenera kuyamba wagwetsa mtengo. Chipika chimodzi chimatulutsa matabwa 4, matabwa 4 amapanga tebulo logwirirapo ntchito lokhala ndi timalo 9, matabwa awiri amapanga ndodo 4, ndipo matabwa atatu ndi ndodo ziwiri, zikayalidwa m'malo ake oyenera patebulopo, zimasanduka piki yamtengo. Piki imeneyi imaswa mwala koma singatulutse chitsulo. Chitsulo chimafuna piki yamwala, ndipo chikakumbidwa chiyenera kusungunulidwa m'ng'anjo yomangidwa ndi miyala 8, yosonkheredwa ndi malasha kapena makala. Dayamondi samatuluka pokhapokha piki ikhale yachitsulo, ndipo mwala wakuda wolimba kwambiri wotchedwa obsidian, umene umapangika madzi akakumana ndi chiphalaphala chamoto, umafuna piki ya dayamondi. Pokumba zimenezi, mwana amayamba pansi asanafike pamwamba.

Monga munthu amene ndinaphunzitsa masamu kwa zaka zambiri, chinthu choyamba chimene ndinachizindikira ndi kuwerengera kumene mwanayu amachita popanda womukakamiza. Ndinamufunsa kuti, ngati zovala zonse zankhondo zachitsulo zimafuna zitsulo 24 ndipo khala limodzi limasungunula zitsulo 8, afunika makala angati, ndipo anayankha kuti atatu ndisanamalize n'kufunsa komwe. M'masewerawa zinthu zambiri zimaunjikidwa m'milu ya 64, ndipo pamene anafuna miyala 200 yomangira mpanda ananena yekha kuti ndi milu itatu ndi miyala 8 yotsala. Uyu ndi mwana yemweyo amene masamu ogawa okhala ndi zotsala ankamuliza m'kalasi. Sindikunena kuti foni ingalowe m'malo mwa mphunzitsi ndi choko, koma ndikunena kuti nthenga ndi miyala imene bambo aja anaitcha zinyalala ili ndi ntchito yake, ndipo mwana amene amaitola amadziwa chimene akufuna kupanga nayo.

Zambiri mwa zipangizo za m'masewerawa ndi zomwezi tili nazo m'boma lathu lino. Nzimbe za m'masewerawa zimangomera m'mbali mwa madzi basi, ndipo mdzukulu wanga atandiuza zimenezi ndinamukumbutsa za minda ya ku Dwangwa ndi ngalande zake zothirira. M'masewerawo nzimbezo zimapereka shuga, komanso zitatu zimapanga mapepala atatu, amene akaphatikizidwa ndi chikopa amasanduka buku. Mchenga ukaotchedwa m'ng'anjo umasanduka galasi, dongo limasanduka njerwa, ubweya wa nkhosa ndi matabwa zimapanga bedi, matabwa 5 amapanga bwato, ndipo ndodo zitatu ndi ulusi wa kangaude zimapanga chowedzera, chimene nthawi zina chimakola nsomba koma nthawi zina chimavuula nsapato zakutha, monga momwe asodzi athu amavuulira zinyatsi m'maukonde. Chimene chinandikhudza kwambiri ndi nkhani ya mitengo. Mwana akagwetsa mtengo, masamba ake amagwetsa mbande, ndipo mdzukulu wanga salola kuti mbandezo zitayike chifukwa anaphunzira movutikira kuti akamaliza mitengo yozungulira nyumba yake amayenda mtunda wautali kukafuna nkhuni, ndipo usiku ukamupeza m'njira zilombo zimamupha n'kutaya katundu wake yense. Anazindikiranso kuti mtengo umabwerera ukabzalidwa koma dayamondi akakumbidwa pamalo samera wina. Aliyense amene amaona matumba a makala akudutsa panjinga mumsewu wa M5 m'mawa uliwonse adziwa chifukwa chake phunziro limeneli sindiliona mopepuka.

Koma chimene chandichititsa kuti nditenge cholembera ndi mapale. Mu 2023 opanga masewerawa anaonjezeramo ntchito yofukula zinthu zakale. Wosewera amapanga kaburashi ndi nthenga, mkuwa ndi ndodo, n'kupita kumabwinja a m'chipululu, a pansi pa nyanja kapena okwiririka m'nthaka, kumene kumapezeka mchenga wooneka mosiyana pang'ono ndi unzake. Mchenga umenewo akaukumba ndi fosholo umangophwanyika ndipo chimene chinali m'kati chimatayika, koma akausesa pang'onopang'ono ndi kaburashi kaja, mumatuluka chinthu, ndipo nthawi zina chinthucho ndi phale lokhala ndi chithunzi. Poyamba anaikamo mitundu 20 ya mapale, ndipo mapale anayi akaphatikizidwa amapanga mtsuko wokongoletsedwa. Ndinaona mwana amene amameza nsima osatafuna atagwira mpweya akusesa mchenga modekha, ndipo ndinakumbukira mawu a akuluakulu akuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mayi anga anali woumba mbiya. Ankakatapa dothi la mtapo kudambo, n'kulisinja pamodzi ndi mapale akale kuti mphika usang'aluke pamoto, kenako ankaumba, kusalaza ndi chikonyo, kukulungiza ndi nkhulungo ndi kulemba mizere m'khosi mwa mphikawo usanaume. Pakhomo pathu phale silinkatayidwa. Tinkakazingirapo mtedza ndi chimanga, tinkapalirapo moto kwa oyandikana nawo m'mawa, ndipo nkhuku zinkamwerapo madzi. Nditamufotokozera zimenezi mdzukulu wanga, anadabwa kumva kuti chinthu chimene amachifunafuna m'mabwinja a m'foni chili kuseri kwa nyumba yathu. Ndinamuuzanso kuti ntchito yosesa dothi modekha ndi ntchito yeniyeni ya anthu ophunzira, ndipo ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kumene kunali likulu la a Kalonga, katswiri wathu Dr Yusuf Juwayeyi anafukula mapale, mikanda yagalasi, zinthu zamkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale zochokera ku China, zimene zinaonetsa kuti makolo athu a Chimaravi ankachita malonda ndi maiko akutali. Mbiri imeneyi inadziwika chifukwa panapezeka munthu amene sanaone tinthu tosweka ngati zinyalala.

Ndipotu ife amene tikudandaula lero tinali otola ifenso. Ndani mwa amuna a msinkhu wanga amene sanayende m'mbali mwa mipanda kufunafuna mawaya opangira galimoto, zotsekera mabotolo zopangira mateyala, ndi chubu chakutha cha njinga chodulira malamba a legeni? Atsikana ankasankha miyala yosalala ya phada n'kuisunga ngati chuma, akuluakulu ankasunga nkhomo za bawo m'kathumba, ndipo mpira wathu unali wa mapepala apulasitiki ndi luzi. Matumba a makabudula athu ankang'ambika ndi misomali, zigoba za nkhono ndi timagalasi tosweka. Mtima wofuna kutola ndi kupanga chinthu ndi womwewo, ndipo chasintha ndi malo otolerako.

Pali mtundu wina wa kutola umene phindu lake ndi lochepa, ngakhale suononga ndalama. Mwana wa mchemwali wanga, amene ndi wamkulu ndipo ali pantchito, anabwera pa Khirisimasi ndi kamakina ka Nintendo Switch n'kutionetsa masewera a The Legend of Zelda: Breath of the Wild, amene anatuluka mu 2017. Mmenemo muli njere 900 zotchedwa Korok zobisika pansi pa miyala, pamwamba pa mitengo ndi pansonga za mapiri. Njerezi zimathandiza kukulitsa thumba lonyamulira zida, koma ntchito imeneyi imatha munthu akapereka njere 441, ndipo amene walimbikira kutola zonse 900 amangolandira kanthu kagolide kooneka ngati ndowe, kopanda ntchito iliyonse. Iye anatiuzanso za masewera a akuluakulu otchedwa Skyrim, a mu 2011, momwe duwa, bowa kapena phiko lililonse la gulugufe lili ndi mphamvu zinayi zobisika, ndipo wosewera amadziwa yoyamba polawa, zinazo n'kuzipeza posakaniza ndi zinthu zina popanga mankhwala. Nzeru yofufuza ilimo, koma masewerawo si a ana, ndipo kholo limene mwana wake waona zoterezi limuuze momveka kuti kuthengo kwenikweni bowa wosadziwika salawa, pakuti tataya anthu m'midzi muno chifukwa cha bowa wakupha. Pa mtundu umenewu wa kutola, chimene mwana amataya ndi nthawi, ndipo mankhwala ake ndi kumuikira malire.

Mtundu wachitatu ndi umene uyenera kutichititsa mantha, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti pamsonkhano uja palibe anautchula. Alipo masewera ambiri a pafoni amene kuwatsitsa ndi ulere, koma zinthu zosowa za mmenemo, monga lupanga lonyezimira, chovala chachilendo kapena mwala wokulitsira mphamvu, sizipezeka pogwira ntchito. Zimapezeka m'mabokosi otsekedwa amene mwana amagula osadziwa chimene chili m'kati. Ndalama zenizeni zimayamba zasinthidwa kukhala timiyala kapena timakobiri ta m'masewera, kotero kuti mwana saonanso kuti akuononga makwacha angati. Timakobirito timagulitsidwa m'milu yosalingana ndi mtengo wa bokosi kuti nthawi zonse patsale tochepa tomukopa kugula tina. Bokosi likamatsekuka pamawala kuwala ndi kulira nyimbo zachisangalalo ngakhale chotulukacho chili chachabechabe, ndipo chinthu chosowacho amachiika kwa masiku owerengeka kuti mwana achite phuma. Ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'mudzi mwathu muno mnyamata wa zaka 15 anatenga foni ya mayi ake, amene amagulitsa usipa pamsika, ndipo poti ankadziwa nambala yachinsinsi, anamaliza mpamba wonse umene unali m'foniyo pofunafuna chovala chimodzi chimene mpaka lero sanachipeze. Mayiwo anazindikira ali kudooko m'mamawa, nsomba atasankha kale, ndipo anabwerera kunyumba ndi beseni lopanda kanthu. Mnyamatayo si wakuba mwachibadwa, ndipo nditacheza naye anandiuza misozi ili m'maso kuti nthawi iliyonse ankaona ngati bokosi lotsatira ndilo likhale lamwayi, amene ndi mawu omwewo timamva kwa akuluakulu otchova juga.

Maiko ena anazindikira kale zimenezi. Mu 2017 ku China kunayamba kugwira ntchito lamulo lakuti opanga masewera azilengeza poyera mwayi umene ulipo wopeza chinthu chilichonse m'mabokosiwa, ndipo kampani za Apple ndi Google zinaika lamulo lofanana nalo m'masitolo awo a mapulogalamu, Apple kumapeto kwa 2017 ndipo Google mu 2019. Mu 2018 bungwe loona za juga ku Belgium linagamula kuti mabokosi ogulidwa ndi ndalama zenizeni ndi juga, ndipo kampani zingapo zinawachotsa m'masewera awo m'dzikolo. Kuno kwathu malamulo salola mwana wosakwana zaka 18 kutchova juga, koma mwana yemweyo amene angabwezedwe pakhomo la nyumba yobetchera akuchita zofanana ndi zomwezo ali pamphasa m'nyumba mwa amake. Ndikupempha bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority ndi la MACRA kuti akhalire pansi nkhani imeneyi, aone ngati malamulo athu akuifikira, ndipo pakadali pano aphunzitse makolo kudzera m'mawailesi a m'madera, m'chinenero chimene mayi wogulitsa usipa angamve, kuti mabokosiwa ndi chiyani ndipo foni angaitseke bwanji kuti mwana asagule kanthu popanda chilolezo.

Sindikubisa kuti ngakhale masewera abwino angathe kumeza mwana. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza mu 2019 kuti kukodwa ndi masewera oterewa ndi vuto la thanzi, pamene munthu walephera kudziletsa, waika masewera patsogolo pa zonse ndipo akupitirizabe ngakhale zikumuononga. Nawonso masewera a Minecraft ndi ogula, ndipo m'kati mwake muli sitolo yogulitsa zovala ndi maiko opangidwa kale, choncho nambala yachinsinsi ya ndalama za m'foni isakhale m'manja mwa mwana ngakhale masewera ake ali otani. Pakhomo pathu foni imagwiridwa homuweki ikatha, madzi atatungidwa ndipo mbuzi zitalowa m'khola, ndipo usiku imagona m'chipinda changa.

Kwa makolo anzanga, amene ambiri sitidziwa Chingerezi cha m'masewerawa, ndili ndi funso limodzi limene aliyense angafunse: mwanawe, chimenechi unachipeza bwanji? Mwana amene anachigwirira ntchito amayankha ndi nkhani yaitali, yakuti anayamba wadula mitengo, anatsika kuphanga, nyali zinamuthera, anabwerera kukapanga zina, ndipo pofotokozapo nkhope yake imawala ngati ya mlenje amene wabwera ndi nyama. Mwana amene anachipeza m'bokosi lamwayi amayankha mwachidule kuti chinangotuluka, ndipo pamenepo kholo lifunse kuti bokosilo linagulidwa ndi chiyani komanso ndi mabokosi angati amene anatsekulidwa chisanatuluke.

Ndili ndi pempho linanso kwa achinyamata athu amene akuphunzira za makompyuta ku MUST, ku MUBAS, ku Mzuzu University ndi ku University of Malawi. Mdzukulu wanga amadziwa maina a Chingerezi a dongo, mbande ndi mkuwa, koma mawu akuti nkhulungo, mvukuto ndi chipala anawamva koyamba kwa ine chaka chino. Kodi sizingatheke kuti mutipangire masewera a dziko longopeka la kwathu kuno, momwe mwana angadule bango n'kuluka mono, kutola mlaza wa mkeka ndi nsungwi za lichero, kusema bwato ndi sompho, kusungunula chitsulo m'ng'anjo ngati mmene ankachitira makolo athu, ndi kudikira nyengo imene mpasa zimakwera mtsinje wa Bua kukaswana, n'kuona kuti akazigwira zonse pa nthawi imeneyo chaka chotsatira sapeza kanthu? Nthano zathu zili ndi zilombo, mizimu, mapanga ndi nyanga zamatsenga zokwanira kudzaza masewera ambiri, ndipo zinthu zotola zili mbwee kuyambira kugombe la Chia mpaka kunkhalango ya Nkhotakota. Chimene ndikupempha n'chakuti masewerawo akhale ogwira pafoni zotsika mtengo popanda intaneti, ndipo musaikemo bokosi lamwayi ngakhale limodzi.

Masabata awiri apitawo ndinapita ndi mdzukulu wanga kwa gogo wina wa m'mudzi woyandikana nafe amene akuumbabe mbiya. Gogoyo anamutuma kudambo kukatapa dothi, anamuonetsa kasinjidwe ndi kaumbidwe, ndipo mwanayo anaumba kamphika kake koyamba, n'kulemba chithunzi cha nsomba m'khosi mwake. Kamphikako kanang'aluka pamoto chifukwa anakaumba kokhuthala mbali imodzi, ndipo iye anatola mapale ake anayi n'kuwasunga m'chitini pansi pa bedi. Atafunsa kuti, "Agogo, kodi amenewa ndingawasinje n'kuwaika m'dothi latsopano monga ankachitira amayi anu?" ndinamuuza kuti akafunse mwini luso, ndipo gogo uja anavomera kuti asinje atatu, limodzi lokhala ndi mutu wa nsomba alisunge. Kamphika kachiwiri kakuuma pamthunzi m'khitchini, ndipo tikakaotcha Loweruka likudzali.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Nkhotakota.